Bwalo Lokaotha Dzuwa

Peckham,
Loweruka masana

Tamanda mwana wanga,

Iwe uli kuchipinda ukulimbana ndi zipi ya sutikesi, bambo ako apita kukagula zingwe zomangira katundu zomwe palibe wawatuma, ndipo ine ndakhala pano pathebulo la kukhitchini ndi cholembera. Ndikanatha kungokuitana n'kukuuza pakamwa, koma timadziwana. Ndikangoyamba iwe umati, "Mami, ndikudziwa," bambo ako n'kuponyapo nthabwala, nkhani n'kuthera m'phwete. Ndiye ndalemba. Ndalembanso m'Chichewa dala, chifukwa Chingerezi umachiwerenga ngati ukuthawa mvula, pamene Chichewa chako cha Sitandade 4 chimakuyendetsa pang'onopang'ono. Uwerenge mawa m'ndege, kapena ukafika ku Jeremaniko n'kukhazikika.

Choyamba ndinene poyera kuti ndakondwa. Usandione ndikupukuta mbale zouma kale n'kumaganiza kuti ndikudandaula. Mtima wanga uli m'malo. Mwana amene ndinamulandira pabwalo la ndege atavala juzi ya bambo ake yofika m'mawondo, lero anthu a dziko lina amuitana kuti bwera utithandize. Ndikanakhala kwathu ku Balaka ndikanaimba nthungululu mpaka a kutsidya kwa njanji amve. Kuno ndaimba kamodzi kokha m'bafa, kuopa kuti a pamwambawa angaitane apolisi.

Amayi a kutchalitchi akhala akundifunsa kuti kodi mwana akukagwira ntchito yanji kumeneko. Ndikati ndi injiniya pa sitediyamu ya mpira, amagwedeza mitu mwaulemu. Koma bambo ako sachedwa kulowerera. "Musamvere zimenezo," amatero. "Zaka zonse zija ku yunivesite, mwana akupita kukaothetsa udzu dzuwa." Anthu amaseka, iwo n'kumadzimva. Usawakwiyire. Kugaraja ya mabasi kumene amagwira ntchito kulibe dalaivala amene sanaonetsedwe chithunzi chako.

Ndikufuna ndikubwezere zimene unatifotokozera tsiku lija, uone ngati mayi ako anamva. Unatenga thireyi ya mu uvuni, n'kuyalapo kansalu kobiriwira kopukutira mbale, n'kumaikankha pathebulo pano kudutsa kunsi kwa kashelefu ka buledi. Unati sitediyamu ya kumeneko ili ndi denga, mipando yakwera m'mwamba mbali zonse, moti dzuwa silifika pansi ndipo mphepo siyenda. Kapinga akakhalitsa m'menemo amafooka, amachita chuku, mizu yake silowa pansi. Komanso eni ake safuna kuti chinyumba chachikulu chotero chizingodikira mpira wa Loweruka. Amafuna oimba azibwera, amalonda azidzaonetsa katundu, ndipo mapazi a chikhamu chovina angasiye bwalo lili ngati khola la ng'ombe m'dzinja.

Ndiye anthu aja anaganiza zodzala bwalo lonse, kuchokera golo iyi kukafika golo inayo, m'chithireyi chimodzi cha konkire ndi zitsulo. Pansi penipeni pa chithireyicho pali mapaipi otulutsa madzi. Pamwamba pake timiyala, kenako mchenga, kenako dothi losakaniza ndi mchenga momwe mumayenda mizu. Mulinso mapaipi othirira, ndi ena oyendetsa madzi otentha kuti nthawi yozizira nthaka isaume gwa ndi chisanu. Chonsecho chakhala pa njanji zachitsulo zopaka girisi. Mbali imodzi ya sitediyamu anaimanga ngati mlatho, yopanda mizati pansi, kuti bwalo lizidutsa kunsi kwa mipando ya anthu. Mpira ukatha mumamasula mapaipi ndi mawaya, kenako majeke akuluakulu, abale ake a jeke yonyamulira galimoto, amagwira njanji n'kukankha pang'ono, kusiya, kukagwiranso patsogolo, kukankhanso. Pakapita maola angapo bwalo lonse lili panja, likulandira dzuwa, mvula ndi mphepo, mkati mwatsala simenti yoti anthu avinepo mmene angafunire. Unati kwina amaika chithireyicho pa mawilo oyendera magetsi, ndipo ku Japan amachiyandamitsa pa mpweya. Za mpweyazo bambo ako anakana kwamtuwagalu, ndipo mpaka lero amati unawanamiza.

Kenako anakufunsa funso lija. "Nanga kwawo kwa bwaloli ndi kuti? Mkati kapena kunja?"

Iwe unati, "Kunja, adadi. Mkatimo limangopita kuntchito."

Unawonjezanso kuti choopsa n'chakuti bwalo likakhala mkati masiku angapo limaonekabe lobiriwira. Magetsi akayaka, oonera pa TV amati koma ndiye kapinga. Pamene pansi layamba kale kufooka, ndipo amadziwa ndi okhawo amene amaliyang'anira pafupi. Utanena zimenezo ine ndinayang'ana bambo ako, iwo anayang'ana m'kapu yawo ya tiyi. Ndibwererako ku nkhani imeneyi. Ndiyambe ndi zanga.

Ine ndinabwera kuno ndekha poyamba, iwe ndi bambo ako mutatsala kumudzi kudikira mapepala. Ukudziwa kuti kwathu ku Balaka dzuwa si mnzako. Mlendo akafika, mawu oyamba ndi akuti tiyeni pamthunzi. Munthu wokhala padzuwa masana wopanda khasu m'manja timati mwina ndi malungo, mwina mutu wasokonekera. Mwambo umenewo ndinakwera nawo ndege. Ntchito ya unesi ndinaipeza ya usiku kuchipatala ku Lewisham. Ndinkalowa kutada, kutuluka kusanayere bwino, kufika m'nyumba n'kukhoma bulangete pawindo kuti ndigone. Miyezi yotentha itafika, tsiku limene kwawala, azungu ankavula malaya n'kudzigoneka pa udzu m'mapaki ngati makaka oyanika. Ine ndinkawaseka, n'kutambasula ambulera yanga, kudutsa pakati pawo monyada ngati mkazi wa a DC.

Chaka chachiwiri mafupa anayamba kuwawa. Msana, chiuno, ntchafu, moti masitepe a basi ndinkawakwera ndikupemphera. Mtima nawo unangoti zii, osafuna kuona munthu. Ndisaname, ndinaganizako za ufiti, ine nesi wathunthu wa satifiketi. Dokotala atayeza magazi anandifunsa kuti, "Kodi mayi, dzuwa munaliotha liti komaliza?" Ndinaseka, ndimayesa akucheza. Anandifotokozera kuti khungu lathu lakudali limafuna dzuwa lambiri, ndipo la kuno lochepali tikalithawanso mafupa amafewa. Zinthu zoti ndinaziphunzira ndekha m'kalasi, koma ndinkayesa ndi matenda a anthu ena. Anandipatsa mapiritsi a vitamini, n'kunena kuti ndizitulukanso panja. Ku Jeremani dzuwa lake ndi lomweli losauka, Tamanda. Mapiritsi ndakuikira m'kathumba ka m'mbali ka sutikesi yaikuluyo. Uzimwa, ndipo uzituluka.

Koma ine kutuluka kukatani? Vuto linali pamenepo. Kukhala pabenchi manja ali lende, nkhope kumwamba, sindikanatha. Ndinkamva ngati Balaka yense akundisuzumira. Nthawi imeneyo n'kuti inu mutafika, tili kale m'fulati muno. Azakhali ako anali atandipatsira njere za bonongwe ndi mpiru m'kabotolo, ndipo ndinazifesa m'zitini pawindo. Zinamera, koma windo lathuli ukulidziwa, limayang'anizana ndi khoma la fulati inzake. Mbande zinangotalika, zoyezuka, zowonda, n'kugwa zokha. Malo okhawo amene dzuwa limakhalitsa pano ndi uko kumapeto kwa poimika magalimoto, pafupi ndi mabini. Sungalimepo, ndi pa phula, ndiponso ukasiyapo chinthu mpaka m'mawa nkhandwe ndi ana a sukulu amagawana.

Tsiku lina ndinaona amake Misozi, mnansi wathu wa ku Zambia uja, akukataya kangolo kokankhira mwana, Misozi wawo atakula. Ndinawapempha. Ndinayalamo pulasitiki, kuthiramo dothi logula m'matumba, kufesa bonongwe. M'mawa ndikaweruka ndinkakankhira kangoloko kudzuwa, n'kukhala pambali pake ndi kapu ya tiyi, poti tsopano ndinali ndi chifukwa chomveka: ndikulondera munda. Madzulo ndisanapite kuntchito ndinkakabweza m'khonde.

Amake Misozi atandiona koyamba anagwira m'chiuno. "Imwe amake Tamanda, manje mwayamba kuyenda na munda? Bazungu bazakamba ati mwafuntha!"

Sananame. Gogo wina wachizungu wa pa fulati yachitatu anabwera tsiku lina akumwetulira, mawu atawafewetsa kale, kuti aone khanda. Anawerama, n'kupeza masamba. Anandiyang'ana, kuyang'ananso m'ngolo, kenako anati, "Akukula bwino," n'kumapita mwaulemu wake wonse. Iwe unali pamenepo ndi yunifolomu ya sukulu, ndipo unathawira m'nyumba ndi manyazi, sabata yonse osafuna kuyenda nane. Gogo yemweyo pambuyo pake ankabwera ndi kambale kudzapempha ndiwo.

Bonongwe woyamba uja anafa, ndipo ndinamupha ndine ndi chikondi. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, osaganiza kuti pulasitiki ndinayala ija ilibe pobowoka. Pamwamba dothi linkaoneka bwino, pansi lili dambo, mizu ikuola. Amake Misozi ananunkhiza, n'kupita kwawo, n'kubwera ndi msomali wowotcha pamoto atautsina ndi pulayala. "Madzi yafunika njila yochokela, imwe," anatero akubowola. Chimene chinatuluka m'menemo sindingachilembe m'kalata. N'chifukwa chake tsiku lija utatchula za mapaipi a pansi pa thireyi ndinagwedeza mutu ngati injiniya mnzako. Nawenso kumeneko zambiri zizikalowa: mawu a bwana, chinenero chosamveka, maso a anthu amene sanaonepo mtsikana wakuda atavala chipewa cholimba cha pantchito. Zina zidzakupweteka. Usazisunge zonse m'mimba. Upeze munthu mmodzi, kaya kutchalitchi kaya kuntchito, woti uzitha kumuuza kuti lero zandinyansa.

Tsiku linanso ndinachedwa kudzuka, basi ya ku Lewisham ili pafupi kunyamuka. Ndinathamangira kangolo kaja n'kukakankha ndi dzanja limodzi, linalo likumanga malamba a chikwama. Kanayamba kukhotera kumanzere, ine m'malo moima ndinawonjezera liwiro, ndipo kanakagunda mphepete mwa msewu n'kugubuduka. Ntchito ya miyezi iwiri inali mbwee pa phula, basi n'kundisiyanso. Iwe unatiuza kuti bwalo lanulo majeke a mbali zonse ziwiri ayenera kukankha mofanana, chifukwa mbali imodzi ikatsogola chithireyi chimapendeka n'kukanirira pakhomo, ndiponso kuti lisananyamuke anthu amayenda m'njanji monse kuchotsa ngakhale kamwala. Ndikukudziwa mwana wanga, udzafuna kuonetsa m'sabata yoyamba kuti sanalakwitse kukutenga. Dekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akakutuma kusesa njanji, sesa, usati ine ndili ndi digiri. Akalankhula Chijeremani chothamanga iwe osamva, usagwedeze mutu ngati wamva. Funsa kawiri, katatu, aseke ngati akufuna. Safunsa anadya phula.

Tsopano ndibwerere kuja ndinalonjeza. Ukudziwa kale kumene ndikulowera, ndipo ndikukuona ukufuna kupinda pepalali. Usapinde.

Chaka chako chachiwiri ku yunivesite unasamukira ku Tottenham, m'kachipinda ka lendi pamwamba pa sitolo, kuti ukhale pafupi ndi anzako a m'kalasi. Mayeso ena sanayende bwino, nyengo yozizira n'kulowa, kunja kukuda anthu asanaweruke. Ndikakuimbira sunkayankha, koma pakapita kanthawi uthenga unkabwera pafoni: "Ndili fine mami, ndili busy." Ndipo ine ndinkakhulupirira. Ndinkaonetsanso anzanga kuntchito kuti onani mwana wanga mmene akulimbikirira, alibe ndi nthawi yoyankha foni. Mawu olemba alibe nkhope, Tamanda. Munthu angathe kulemba kuti ndili bwino misozi ikugwera pafoni pomwepo.

Anandidzutsa ndi amake Misozi. Anali atapita ku Tottenham kukagula kapenta, kausipa ka kwawo kaja, n'kugogoda pakhomo pako kuti akusiyireko. Anabwera molunjika kuno, jekete osavula.

"Amake Tamanda, mwana wanu mwamuona liti na menso yanu?"

Ndinati, "Ali busy ndi sukulu."

"Awe. Makatani niyovala masana, ba mu shop bakamba ati sibamuona. Yendani lelo."

Ndinakwera sitima ya pansi pa nthaka tsiku lomwelo. Unatsegula chitseko patapita nthawi. M'chipindamo munali mdima ndi fungo la malo osatsegulidwa, mbale zili pansi, mabuku osakhudzidwa. Unali utaonda, khungu litatuwa, tsitsi losapesa. Ndipo mawu ako oyamba anali akuti, "Sorry mami, sindimafuna muziwara." Sindinakalipe. Ndinalibe mphamvu yake. Ndinatsegula makatani, n'kuyamba kulongedza zovala zako. Sindinaopepo chinthu pa moyo wanga ngati mmene ndinaopera tsiku limenelo, ndipo mantha akewo sanathe onse mpaka lero.

Amene anakuchiza ndi adokotala, ndi mayi uja unkapita kukalankhula naye sabata ndi sabata, ndi Mulungu, ndi iwe mwini. Sindinganamizire kangolo. Koma kunja kutayamba kufunda ndinafesa mpiru, ndipo ndinakuuza kuti msana wanga wayambiranso, undithandize kukankha. Msana unalibe kanthu, ndikuuze lero. Masiku oyamba unkakankha nkhope ili pansi, chipewa cha juzi chili kumutu.

"Mami, anthu akutiona."

"Ationa zaka zonsezi, atopa nafe. Kankha."

Unkafika pa mabini paja n'kufuna kubwerera pompo, ine n'kumati dikira ndimalize tiyi, ndipo tiyi wake ndinkamumwa ngati wa maliro. Kenako tsiku lina unaima pakati pa njira, n'kugwada, n'kusuzumira kunsi kwa kangolo. Unati chitsulo cholumikiza mawilo akutsogolo chinapindika, n'chifukwa chake kamakokera kumanzere. Chinapindika tsiku lija ndinakagwetsa, ndipo zaka zonsezo ndinkangolimbana nako. Unakatenga zipangizo za bambo ako, masana onse uli chogona pa phula, manja ali bii. Madzulo ake unadya mbale ziwiri. Bambo ako anatuluka panja ati kukaona ngati galimoto ya aneba yakhomedwa, koma anabwerako maso ali ofiira.

Utabwerera kusukulu, tsiku lina unalowa m'nyumba muno ukuseka kuyambira pakhomo. Aphunzitsi anu anali atakuonetsani kanema wa bwalo la mpira likutuluka m'sitediyamu kupita padzuwa. Unati, "Mami, ku Jeremani akuberani nzeru! Ali ndi kangolo kanu, koma kakakulu ngati Peckham yense." Kuyambira tsiku limenelo sunalankhulenso za ntchito ina. Ndiye bambo ako akamati ukupita kukaothetsa udzu dzuwa, ine ndimangoti inde, ndipo anaphunzira kwa mayi ake.

Tamvera tsono. Kumene ukupitako kulibe amake Misozi oti angagogode pakhomo pako ndi kapenta. Kulibe sitima ya pansi yoti ndingakwere n'kufika tsiku lomwelo. Ukufika kukuyamba kuzizira, masiku akufupika, ndipo ntchito yanu yambiri ndi ya kunsi kwa mipando, m'makonde a simenti mmene muli majeke ndi mawaya. Walira mvula walira matope, ndipo matope a ntchito imene waikondayi ndi amenewo. Sindikuti matenda aja adzabweranso. Mwina sadzabwera, ndipo ndikuona ndi maso anga kuti ndiwe wolimba kuposa kale. Koma akadzabwera adzabwera mwakachetechete, ndipo iwe udzaonekabe wobiriwira. Kuntchito udzafika pa nthawi yake, udzamwetulira, udzalemba uthenga wabwino. Ndiwe katswiri pa zimenezo, unatengera ine.

Ndiye pempho langa ndi limodzi, ndipo si lovuta. Lamulungu lililonse masana undiimbire foni, ndipo undiimbire uli panja. Osati uthenga wolemba. Osati uli pabedi. Uvale jekete, utsike, uime pamsewu kapena m'paki kapena pambali pa bwalo lakolo pamene likuotha dzuwa, ndipo ine ndimve mphepo ikuwomba m'foni, ndimve galimoto, galu, belu la tchalitchi, chilichonse. Ngakhale kukugwa chisanu, ngakhale ulibe nkhani, ngakhale tikangokambirana za mtengo wa anyezi. Ukadzaimba ine n'kumva zii wa m'chipinda, sindidzakufunsa mafunso ambiri. Ndidzangoti tuluka, ndikudikira, ndipo ndidzadikira pafoni mpaka ndimve chitseko. Ukadzalephera kutuluka, undiuze mawu amenewo basi, kuti mami lero ndalephera. Si manyazi. Chetechete sautsa nyama. Pasipoti yanga ili m'dilowa ya pamwamba, ndipo a kuntchito ndawauza kale kuti tsiku lina ndikhoza kupempha tchuthi chadzidzidzi.

Zina zonse ndi zazing'ono. Uzidya chakudya chophika, osati mabisiketi. Upeze tchalitchi ngakhale nyimbo zake zikhale zozizira. Mnyamata akadzapezeka, kaya ndi wa kumeneko kaya wa kwathu, ndimve kwa iwe, osati kwa Misozi. Bambo ako uziwalembera za mpira, chifukwa sadzakuuza kuti akusowa, adzangokufunsa kuti udzu uli bwanji. Zingwe zimene akukagulazo uzilandire ndi manja awiri ngakhale sutikesi ili ndi zipi.

Za kangolo usadere nkhawa. Bambo ako alonjeza kuti masiku amene ndili pa shifiti ya masana azikankha ndi iwo. Ati munthu woyendetsa basi ya nsanjika sangalephere ngolo ya bonongwe. Tiona. Ndawauza kuti manja onse awiri, ndipo asathamange.

Ndinaima pang'ono kulemba, chifukwa m'nyumba munangoti zii, zipi ija yasiya kulira. Ndinakuitana, osayankha. Mtima unagunda kamodzi mwa kale muja. Ndinapita kuchipinda, munalibe munthu, sutikesi zili zotseka pabedi. Pobwerera ndinaona kuti m'khonde mulibe kangolo. Lero ndi piringupiringu wa ulendowu ndinaiwala kukatulutsa, kanakhala mumthunzi kuyambira m'mawa. Ndiye ndaima pakhomo n'kuyang'ana kumapeto kwa poimika magalimoto.

Uli uko pa mabini. Palibe wakutuma. Wakhala pa phula, nsapato wavula, msana watsamira khoma, nkhope wailozetsa kumwamba maso ali otseka, dzanja limodzi lili pa chogwirira cha kangolo. Gogo wa pa fulati yachitatu waima pambali ndi kambale kake akukulankhula, iwe ukuseka.

Ndakuona, mwana wanga. Pita bwino. Ndikutseka kalatayi, ndithire tiyi m'makapu awiri, ndibwere ndidzakhale nawe dzuwa lisanapite kuseri kwa fulati.

Lamulungu la sabata yamawa ndidzakhala pomwepo, foni ili m'manja, nanenso ndili panja.

Ndine amene ndinakubala,
mayi ako